Galimoto Yopendekera Kumanzere

M'zaka zoyambirira za matipate, amakaniko onse a ku Mchinji ankakweza magalimoto. Eni mapikapu ankawonjezera masipuling'i kumbuyo kuti akapakira shuga kapena fetereza galimoto isagwade, chifukwa pachipata cha malire ankayamba kuyang'ana msinkhu wa galimoto asanafunse mapepala. Galimoto yogwada inkatanthauza kuti yanyamula kanthu. Alamu anga, amuna a achemwali anga, ndi okhawo amene ndinawaona akutsitsa yawo dala.

Anali ndi galaja paboma. Galimotoyo anaipeza m'chigafa cha fodya pa esiteti ina ya ku Chiosya, itafunditsidwa ziguduli. Inali yakale, yofiira mozimirira, ya mipando iwiri yokha, denga lake lansalu litadyedwa ndi makoswe. Mwini wake anali mzungu amene ankayendetsa esitetiyo nthawi ya chipani chimodzi. Iye atabwerera kwawo, amene anatenga esiteti analibe nayo ntchito, ndipo anawapatsa alamu atawakonzera thirakitala. Ine ndinali patchuthi kuchokera kunyuzipepala imene ndinkalembera ku Lilongwe, choncho ndinkaswera pagalajapo nditagwira tepi yoyezera.

Mtima wa alamu unali pa bwalo lakale la ndege la pa esiteti yomweyo. Loweruka masana, anyamata othandiza amalole kutulutsa katundu pachipata ankapita kumeneko kukathamangitsana, ataika migolo pokhotera. Alamu ankati galimoto yaitali imagwedezeka pokhota ngati ngolo, pamene yotsika imakakamira pansi. Anadula masipuling'i akutsogolo ndi gulayinda, mkombero umodzi uku, umodzi uko. Kumbuyo analowetsa timidadada tachitsulo pakati pa ekiselo ndi masipuling'i. Ataitsitsa pajeke, chibakera changa chinkalowa movutikira pansi pa sampu, pamene pamakhala oyilo wa injini.

Kenako tinayeza kuchokera pansi kufika m'mphepete mwa madigadi ophimba matayala. Kumanzere kunali kotsika ndi zala ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Alamu anasinthanitsa masipuling'i, akumanzere kupita kumanja. Kunatsikabe kumanzere. Anapopa matayala mofanana, ndipo tinaikankhira pakhonde lasimenti la sitolo ya Mswahili wina woyandikana nawo, pamene panali posalala bwino. Zala ziwiri zomwe zija.

Galimoto yokalamba imapendekera kumanja, chifukwa ndiko kumakhala dalaivala zaka zonse. Alamu ankadziwa zimenezi kuposa ine.

Achemwali anabwera ndi tiyi, naima n'kuiyang'ana.

"Iyi ikukhala ngati mwakwera munthu," anatero.

"Munthu wake ndiwe," anayankha alamu. "Ikuyeseza kulemera kwako usanakwere."

"Ine ndikwere chidebe chimenechi? Nkhuku ikagona pamsewu mudzaima kuipempha njira."

Tinaseka tonse, koma achemwali anadutsira kumanja kwa galimoto pobwerera, ngakhale kunali kozungulira.

Mwezi wa Ogasiti, fodya atagulitsidwa, tinaitengera kubwalo kuja pa lole kukaiyesa. Linali tsiku lapakati pa sabata, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuwulutsa fumbi m'minda yopanda kanthu. Alamu anailiza, nathamanga nayo mpaka kumapeto. Pobwera anati ikukokera kumanzere, ndipo manja awo anali ofiira ndi kulimbana ndi chiwongolero.

Tili pomwepo, bambo wina wachikulire anatuluka m'mitengo ya bulugamu. Anali tenanti, mmodzi wa anthu ochokera maboma ena amene amalima fodya pa esiteti. Sanatipatse moni poyamba. Anapita kuchitseko chakumanzere, navula chipewa, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Atatha ndipo anatembenukira kwa ife.

"Pepani, amisiri. Ndinamva kulira kwake ndili kunyumba. Ndinkaganiza kuti inafera m'chigafa."

"Mumaidziwa, bambo?" anafunsa alamu.

"Muli akazi anga umu."

Anafotokoza mosathamanga, ngati munthu wonena za mvula ya chaka chatha. Kwawo kunali ku Phalombe. Zaka zambiri m'mbuyomo akazi awo anadwala, ndipo anawatengera kuchipatala cha tsidya lina la malire, chimene anthu a kuno ankachikhulupirira. Anamwalira komweko. Kuwolotsa maliro pachipata kunkafuna mapepala amene tenanti sakanawapeza, ndiye mzungu uja anadzipereka. Anawaveka mayiwo duku, kuwafunditsa bulangete, n'kuwakhazika pampando wakumanzere ngati wodwala amene wagona. Anadutsa nawo pachipata bwinobwino. Koma mipando inali iwiri. Bambowo anabwerera wapansi kudzera njira zachidule, ndipo pofika anapeza anthu atawanyamula kale mayiwo kulowa nawo m'nyumba.

"Munthu ukanyamula maliro umayankhula nawo," anatero bambowo. "Pamtsinje umawauza, pamphambano umawauza. Pofika umati tafika, tsikani. Bwana uja anali wamtima wabwino, koma sankadziwa. Anayenda nawo duu ulendo wonse. Anthu anatulutsa thupi, koma palibe amene anawauza kuti atsike."

Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Ndinakwerapo lole ya maliro, ndipo ndinamvapo azakhali a womwalira akutchula mitsinje mmodzimmodzi. Chimene ndinali ndisanachionepo ndi mwambo wotere utasiyidwa pakati, zaka n'kupita.

Bambowo anapempha chinthu chimodzi. Lolemba lotsatira ankakwera lole yobwerera ku Phalombe, ndipo sankayembekeza kudzabweranso, chifukwa msana unali utakana khasu. Ankafuna kuti galimotoyo ifike kumanda a matenanti, kumalire kwa esiteti kumene mayiwo anaikidwa, kuti akawatsitse asananyamuke.

Tinapita kukaona njira ya kumandako. Inali ya ngolo ndi thirakitala, yokumbika uku ndi uku, pakati pali mtumbira wouma wofika m'katumba mwa mwendo. Galimoto imeneyi ikanadutsa ikanakhala mmene inalili m'chigafa. Tsopano inali itatsitsidwa, ndipo sipuling'i yodula simaibwezera.

"Bambo, sampu ikaphulika apa, ina mpaka ku Joni," anatero alamu. "Ndiinyamule pa lole, ndikaitsitse kumandako."

"Akhala akunyamulidwa ngati katundu kale," anayankha bambowo. "Ulendo uja unali wa galimoto iyi. Iyende yokha."

Alamu anakanda m'mutu. "Chabwino. Njirayi ikadzasalala ngati bwaloli, mudzandiitane."

Ananena zimenezi kuti nkhani ithe. Panjira yobwerera anandiuza kuti chitsulo chapansi chiyenera kuti chinapindika pangozi ina yakale. Tinachiyeza madzulo omwewo ndi chingwe, ngodya ndi ngodya. Chinali chowongoka. Achemwali atamva nkhani yonse anangoti galimotoyo isagonenso pafupi ndi nyumba yawo, ndipo anatuma munthu kukaika nsalu pampando wakumanzere, ati kukuzizira.

Lachisanu kunabwera uthenga ndi wanjinga wakuti njira yakonzeka. Tinafika Loweruka m'mawa. Matenanti, amuna ndi akazi, anali atadula mtumbira wonse ndi makasu, dothi lake n'kukwirira m'mikwasa ya matayala. Ena anali akumalizabe kutsogolo. Anthu ambiri akamalima pamodzi pamakhala nyimbo ndi nthabwala, koma apa pankangomveka makasu. Poyambira njirayo anali atayala masamba aawisi, monga amachitira pakagwa maliro, ndipo wanjinga aliyense wodutsa ankatsika n'kuyamba kukankha.

Alamu anavula kapu yawo, naiika m'thumba, n'kukhala pachiwongolero. Anayenda ndi giya yoyamba, mwa liwiro la munthu woyenda pansi. Bambo aja ankayenda kumanzere dzanja lili pachitseko. Ine ndinali kumbuyo ndi anthu ena, ndikuyang'ana pansi pa galimoto.

Bambowo anayamba ulendo wonse kuchokera poyambira. "Mayi, tatuluka m'chipatala. Tafika pachipata, musaope, ndi asilikali chabe. Talowa m'dziko lathu tsopano. Apa ndi paboma. Takhota, tikulowera ku Chiosya." Pakati pa malo ndi malo ankayenda mapazi angapo, ngati akudikira kuti mtunda uthe. Pamene tinafika pakakhwawa kouma ka pa esitetipo, anati, "Tikuwoloka," ndipo ekizosi inakhula mwala n'kulira ngati mpeni panoolo. Alamu anaima. Ndinagwada kusuzumira. Oyilo sanali kudontha. Tinapitirira.

Manda a matenanti analibe ziliza. Panali mitumbira yokha pansi pa mitengo, ina yokhala ndi mbale zobowola. Alamu anaimika galimoto m'mphepete, nazimitsa injini. Anthu anakhala pansi. Bambo aja analimbana ndi chitseko, chifukwa chogwirira chake chinali chadzimbiri. Alamu anatsika, nazungulira, n'kuwatsegulira.

"Mayi, tafika," anatero bambowo. "Ndinachedwa panjira. Tsikani."

Ndilemba zimene ndinamva, osawonjezera. Mphepo inali italeka. Injini inkathetheka pang'onopang'ono pozizira, monga imachitira injini iliyonse. Ndiye kumbuyo, kumanzere, kunamveka kulira kumodzi kwa chitsulo, kofanana ndi kwa bedi lamasipuling'i munthu akadzuka. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anakokera mwana wake pachifuwa.

Alamu anagwirabe chitseko. Anachigwira nthawi imene mayi amatenga kuti atulutse miyendo, akonze chitenje, aime. Kenako anachitseka mosamenyetsa. Bambo aja analowa m'mitengo okha, akuyenda pang'onopang'ono, akupatula nthambi ndi dzanja n'kuzigwira kanthawi asanazisiye.

Pobwerera alamu anandiuza kuti ndikwere. Ndinati ndiyenda, ndiziona sampu.

Masana tinaiimika pakhonde lasimenti lomwe lija. Ndinayeza kutsogolo, ndinayeza kumbuyo, ndinabwereza ndi tepi ya mwini sitolo. Mbali zonse zinali zofanana. Alamu anati sipuling'i yakumbuyo iyenera kuti inali itakanirira ndi dzimbiri, ndipo mabampu a njira ija anaimasula. Zimenezi n'zotheka, ndipo amakaniko ena amene ndinawafunsa pambuyo pake anavomereza. Sanathe kundiuza chifukwa chake kusinthanitsa masipuling'i kuja sikunasinthe kanthu.

Lolemba bambo aja anakwera lole ya ku Phalombe ndi matenanti anzawo. Inadutsa paboma, ndipo anatikwezera chipewa ali pamwamba pa mitolo. Loweruka lotsatira galimoto inathamanga pabwalo osakokera mbali iliyonse. Pokhota inakakamira pansi monga alamu ananenera, ngakhale poyenda mowongoka anyamata apachipata ankaisiya kutali.

Alamu anakhala nayo zaka zingapo. Ndinakwera nawo magalimoto ambiri pambuyo pake, mapikapu ndi maminibasi a makasitomala awo amene ankawayesa atawakonza. Paliponse pamene aima, ngakhale m'galimoto mulibe wina, ankazimitsa injini, n'kunena chapansipansi kuti, "Tafika," asanatsegule chitseko.