Bambo Ankasokera Ndege

Masiku a COVID, ndege zitachepa mumlengalenga mwa Doha, madamu omwe ndimawagwirira ntchito ku Madinat Khalifa anandipatsa nsalu kuti ndisoke mamasiki. Iwo anakhala pambali akupaka polishi m'zikhadabo. Fungo lakelo linandibwezera ku Chileka, kushedi ya ndege komwe bambo anga ankagwira ntchito.

Bambo ankasoka nsalu yokuta mchira wa ndege yakale ya mapulopela, n'kuipaka mankhwala onunkha chimodzimodzi mpaka ikungike ngati ng'oma. Ankati kampani yomwe inapanga ndegeyo inayamba ndi tindege tamatabwa ndi nsalu, kenako n'kupanga zankhondo. Yathuyi inanyamulapo asilikali, nkhondo itatha anaikamo mipando ya apaulendo.

Ine, pokhala mwana, ndinkaganiza kuti akuisokera zovala poti kumwamba kumazizira. Tsiku lina ndinawapititsira chitenje cha mayi chakutchalitchi.

"Ababa, muifunditsenso pamimba, ili mbulanda."

Anaseka mpaka kugwetsa singano. Mayi sanaseke. Koma tsiku lomwelo bambo anandiphunzitsa msoko wawo, womanga mfundo paliponse pomwe singano yatulukira.

Ku Doha kuja, madamu anakoka mwamphamvu masiki yomwe ndinasoka ndi msoko womwewo, osasosoka.

"Mashallah," anayamikira m'Chiarabu, "unaphunzira kuti?"

"Pa ndege, madamu."

Anangoseka. Ndinawasiya, msoko womwe unkalimba kumitambo sukanalephera pamphuno pawo.