Mawu a Amayi atakanirira mu laputopu

Chomwe ndinapititsira laputopu ija ku boma chinali batani limodzi lokha, lalitali lija la m'munsi, lomwe linayamba kulimba. Basi. Sindinapemphe china. Koma wokonzayo pondibwezera anamwetulira n'kunena kuti, "Mayi, ndakuikiraninso sisitemu yatsopano, yakaleyo inatha ntchito. Imeneyo ndi banyira." Ine n'kuthokoza, mpaka kuwomba m'manja. Ha! Ndikanadziwa ndikanamuuza kuti banyira wakeyo akapatse ena.

Laputopuyo inali ya Bambo. Maso awo anafa ndi matenda a shuga, ndipo kuyambira pamenepo Amayi ankawawerengera mawu a Mulungu m'mawa uliwonse. Amayi atayamba kudwala, mlongo wanga wamng'ono ankawajambula mawu pa foni akamawerenga. Maliro atatha, iye asanapite ku Joni kukagwira ntchito, analemba kapulogalamu pa laputopu yakale. Ukangoyitsegula n'kudina batani lalitali lija, Amayi ankayamba kuwerenga. Ukadinanso ankasiya. Pa batanilo anamatapo njere ya nyemba kuti chala cha Bambo chizilipeza. Ine ndi mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi ku Magaleta, ndipo Bambo amakhala ndi ine. M'mawa ndinkangowaikira laputopu patebulo n'kuthamangira kusukulu. Zotsalazo ankachita okha.

Nditabwera nayo kuchokera ku boma ndinamatanso nyemba ija, n'kuwaikira. Anadina. Zii. Anadinanso, nyumba yonse ili chete.

"Nanga amako?" anafunsa Bambo.

Funso limenelo linandilasa. Ndinayang'ana pa sikirini. Panali kawindo kakuda, mizere ya Chingerezi yothinana, ndipo mzere womaliza unkati "No module named", kenaka liwu lina lomwe sindinalionepo chibadwire. Ine Chingerezi ndimaphunzitsa, anthu inu. Liwu lililonse palokha ndinkalimva, koma onse pamodzi sankandiuza kanthu. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinachotsa chaja, kubwezeranso, mpaka kupukuta sikirini ndi chitenje ngati kuti vuto ndi fumbi. Uthenga uja unali pompo.

Kwathuko netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Ndinakwera pamenepo, kujambula sikirini n'kumutumizira mlongo wanga. Iye amagwira m'sitolo, ndiye amayankha ndi timawu tojambula makasitomala akachepa.

"Achemwali, musadandaule," anatero. "Mojulo ndi chida chomwe pulogalamu yanga imabwereka kuti itulutse mawu. Chasowa basi. Lembani mzere uwu, chibwera."

Ndinalemba. Laputopu inakana, n'kundilalatira ndi ndime yonse yoti zinthu zoterezi siziikidwa motere. Ndinajambulanso. Iye anati ndilembe mzere wina woti tione ngati chidacho chilimo. Ndinalemba, ndipo inandionetsa dzina lomwelija, ndi foda yomwe likukhala. Ndinasangalala, ndikuti chapezeka. Kuyatsa pulogalamu, yati kulibe.

"Iwe," ndinamujambulira mawu ndili kupuma mwaukali, "chinthu chimodzi chingakhalepo n'kusakhalaponso? Ukundiseweretsa kapena?"

Anaseka, ndipo kuseka kwakeko kunandipsetsa mtima kwambiri. Anati pulogalamu yake anailemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Paithoni, ndipo sisitemu yatsopano yabwera ndi Paithoni wakenso watsopano. Chida chija chinatsala m'foda ya wakale. "Zili ngati mwasamuka, achemwali, koma mpeni mwausiya kunyumba yakale. Ulipo ndithu, koma kukhitchini kwatsopanoko kulibe."

"Ndiye ndikautenge, ndi pafupi pomwepa. Ndikopere foda."

"Ayi, ayi! Musakhudze. Wakalewo sungagwire kwa watsopanoyu."

Eti mpeni wosagwira chifukwa choti wasintha khitchini. Ndinatsika pachulu mutu uli wizi, nditamvetsa zochepa kuposa pomwe ndinkakwera. Iye anati tidikire Loweruka, tsiku lomwe amaweruka msanga, tidzaimbirane pa vidiyo.

Chomwe chinkandidya mumtima chinali china. Ndinkaopa kuti wokonza uja wafufuta mawu a Amayi, ndipo foni yomwe mlongo wanga anajambulira inabedwa kalekale. Ndinafufuza m'mafoda ngati munthu wofuna singano pamphasa, mpaka ndinapeza timafayilo tambirimbiri ta manambala. Ndinadina kamodzi. Amayi anatsokomola pang'ono, n'kuyamba kuwerenga. Misozi inangotsika yokha. Chimwalirireni ndinali ndisanawamverepo, ndinkazemba dala.

Ndinathamangira kwa Bambo. "Bambo, mawu alipo! Palibe chatayika. Ndizikuyatsirani ndi manja mpaka Loweruka."

Ndinakhala pambali pawo n'kuyatsa. Anamvera pang'ono, nkhope itauma. Kenaka anati, "Zimitsa."

"Bwanji?"

"Ndiye iwe uzikhala pamenepo?"

"Nanga ikafika kumapeto akuyatsireni ina ndani? Batani lija silikugwira ntchito."

"Zimitsa, mwanawe. Ndidikira."

Ndinakwiya, sindibisa. Ine kuvutika konseku, kukwera chulu ngati mbuzi, munthu n'kumakana chifukwa choti woyatsa ndine! Ndinati mumtima, ukalamba ndi makani basi. Koma masiku otsatirawo ndinayamba kuchita mantha. Phala ankangolawa n'kukankha mbale. Kutchalitchi kwa pakati pa sabata anakana kupita. Ndikabwera kusukulu ndinkawapeza pakhonde pomwe ndinawasiya, chala chawo chikugogoda pa mkono wa mpando, malo amodzimodzi. Munthu wa shuga akasiya kudya si nkhani yoseka.

Loweruka masana ndinagula bandulo, kunyamula laputopu ndi kampando, ulendo pachulu. Laputopu pamiyendo, foni m'dzanja lamanzere italoza sikirini kuti mlongo wanga aziona, lamanja likulemba ndi chala chimodzi. Amayi ena odutsa ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kufunsa ngati sukulu yasamukira pamwamba. Ndinangoti, "Eya, tikulemba mayeso."

Iye anati njira yabwino ndi kuimangira pulogalamuyo kachipinda kakekake, momwe zida zake zizikhala, kuti sisitemu ikadzasinthanso zisadzasokonekere. Kachipinda m'kati mwa laputopu! Sindinafunsenso, ndinangolemba zomwe ankanena. Koyamba inakana chifukwa ndinaiwala mpata pakati pa mawu awiri. Kachiwiri inati chomangira kachipindako nachonso kulibe, tiyambe taika chimenecho.

"Ndiye chosowa chija chikusowa chifukwa chinanso chasowa?"

"Eya."

"Nanga chimenechinso chikanena kuti chake chasowa, tithera pano?"

"Lembani, achemwali, lero sindinaweruke msanga, bwana akundiyang'ana."

Zida zija zinayamba kutsika kuchokera pa intaneti, timizere tikuyenda. Pakatikati netiweki inathawa. Ndinaimirira pachulupo laputopu ili m'manja, kuyikweza kumwamba, ndikutembenukira uku ndi uku. Itabwera tinayambiranso. Panatuluka malemba achikasu, ine n'kufunsa ngati ndaononga. Iye anati achikasu ndisawalabadire, oopsa ndi ofiira. Ndani anapanga lamulo limenelo, ndipo munthu wa ku Magaleta akanalidziwira kuti?

Kenaka anati ndiyatse pulogalamu. Ndinadina nyemba ija, Amayi n'kuyankhula pachulu pomwepo. Ndinakuwa, "Yatheka!" Koma iye anati ndizimitse laputopu yonse n'kuyatsanso, monga amachitira Bambo. Nditatero, uthenga uja unabwereranso, womwewo, osasintha ngakhale kadontho. Ndinatsala pang'ono kuiponya m'munda mwa chimanga.

"Tsopano chasowanso n'chiyani? Si tachiika pompano?"

Anati pulogalamu ikamadzuka yokha ikulowerabe pakhomo lakale, sikudziwa za kachipinda. Anandilozera fayilo ina, ndinasintha mzere umodzi. Kuzimitsa, kuyatsa, kudina. Amayi anawerenga. Ndinabwerezanso kuti ndikhulupirire. Mukandifunsa lero chomwe ndinachita, sindingakuuzeni. Ndinangolondola mawu a mlongo wanga ngati mmene Bambo amalondolera chingwe choyanikira zovala popita kubafa.

Ndinawapeza Bambo m'chipinda chawo. Ndinaika laputopu patebulo, n'kuwatengera dzanja. Analanda dzanja lawo, n'kupapasa okha mpaka chala chinapeza nyemba. Anadina. Mawu atangomveka anadinanso kuimitsa.

"Tuluka. Utseke chitseko."

Ngakhale zikomo! Ndinatuluka nditatupa, n'kukakhala panja pansi pa windo lawo ndi lichero la nyemba zoti ndisankhe. Sikuti ndinkafuna kumvetsera, kungoti mthunzi unali pamenepo. Ndinamva Amayi akuwerenga pang'onopang'ono, ndi mawu aja a masiku omaliza, opuma pafupipafupi. Anawerenga kwa kanthawi, kenaka anaima pakati pa chiganizo.

"Abambo ake," anatero Amayi, "kodi mwagona?"

Mu laputopumo munali chete. Tsiku lomwe ankajambulalo palibe amene anayankha. Koma m'chipindamo ndinamva Bambo akukonza kukhosi, n'kuyankha ndi mawu ofewa omwe ine sindinawamvepo akuyankhula nawo kwa munthu aliyense.

"Sindinagone ayi. Ndikumva. Pitirizani."

Amayi anaseka pang'ono. "Agona awa. Komabe ndimalize."

Anapitiriza kuwerenga. Ine ndinanyamula lichero langa mwakachetechete, kuti nyemba zisachite phokoso, n'kukakhala kuseri kwa khitchini, padzuwa.