Mikono ya Alamu Anga

Lamulungu lapitali ku Misa ya ku Fonte Boa, pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, alamu anga a Rozaliya, alongo awo a amuna anga, anandipatsa dzanja. Nditauona mkono wawo, mtendere wonse unandithawa. Unali wosalala mpaka m'chigongono.

Chaka chatha chikanga chinkatizunza tonse awiri. Chisanu chikafika tinkakanda m'khosi ndi m'mikono mpaka magazi, mwanabele n'kutupa m'khwapa. Lero iwo akuvala malaya a manja aafupi, ine ndadzikuta juzi ngati wodwala malungo.

Chikundiwawa n'chakuti Lusiya, mwana wa achimwene, akukwatiwa tikatha kukolola. Anandilonjeza kalekale kuti madirinya, woima pambali pake kutchalitchi, ndidzakhala ine. Koma diresi limene wasankha n'lopanda manja.

Titatuluka m'tchalitchi ndinawafunsa a Rozaliya, ndikumwetulira ndi mano okha.

"Alamu, mukudzola pomada wanji?"

"Yemwe uja, alamu. Koma anamwino anandiletsa chinkhupule ndi madzi otentha kwambiri. Akuti mwanabele amatupa chifukwa cha zilonda zokandazo. Akutinso m'thupimu muli timitsempha tina tochotsa zoipa, tilibe mtima wotipopa, timagwira bwino ntchito munthu akamayenda. Ndiye mota, njinga yamoto ija, ndinasiya kukwera, kumsika ndimapita wapansi."

Nanga si mmene timachitira tonse kumapiri kuno? Khungu likayabwa timati ndi litsiro. Timatereka madzi ngati tikufuna kusosola nkhuku, n'kudzikwecha ndi mwala ndi sopo wochapira zovala. Likang'aluka timalibisa m'juzi, n'kuyamba kuganizira amene amatida. Kuchipatala timakatenga pomada basi, malangizo n'kuwasiya pabenchi pomwepo.

Sindikudziwa ngati kuyendako n'kumene kwawathandiza kapena kutaya chinkhupule. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndili ndi nsanje, ndipo sindibisa. Tinkakandira limodzi pakhonde. Bwanji osandinong'oneza pomwe ankayamba? Mpaka ndichite kufunsa pabwalo la tchalitchi?

Lolemba ndinayamba nane: madzi ofunda chabe, kudzola ndikangosamba, ndi kuyenda. Ndimadzera njira yaitali ya kumadimba kuti a Rozaliya asandione.

Dzulo ndinakumana ndi Lusiya m'njira yomweyo. Ndinamuuza kuti za diresi adikire kaye, andipatse masabata angapo.

Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

"Azakhali, telala watenga kale muyeso wa a Rozaliya."