Voti Yopanda Lisiti

Ndinadandaula koyamba polemba kalata Lolemba la sabata imene tinayamba kumweta mpunga chaka chatha. Kope ya kalatayo ndili nayo, pamodzi ndi makhadi akale a msonkho, malisiti a njinga zimene zinatha kalekale, ndi pepala la ubatizo wanga. Ine sinditaya pepala.

Kale, posankha wapampando wa kalabu yathu ya alimi a mpunga ku dambo la Chilwa, tinkaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene tikumufuna. Wopikisana ankangocheuka n'kudzionera yekha abale ake enieni. Chaka chatha bungwe lina la m'tauni linatibweretsera kuvota pafoni. Mayi amene ankatiphunzitsa anati voti iliyonse imalowa mu bulokutcheni, kaundula wosungidwa m'makompyuta ambiri nthawi imodzi kuti wina asafufute. Anatinso masamu a makinawo amapereka umboni woti ndinu membala ndipo mwavota kamodzi, koma osaulula dzina lanu kapena amene mwamusankha.

"Umboni wanji wosanena kanthu?" ndinafunsa.

"Umanena kuti zayenda bwino, bambo. Zinazo ndi za mumtima mwanu."

Anthu anaomba m'manja. Ine ayi.

Mmodzi mwa opikisana anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Ine kuno ku Mkhumba ndine mkamwini. Munda wa mpunga umene ndalima chikwatirire ndi wa mbumba yawo, ndipo wogawa minda ndi iwowo. Ndinawavotera. Anagwa chagada, mavoti awo osafika ngakhale pa chiwerengero cha anthu amene anadya mbuzi yawo dzulo lake. Odya mbuziwo aliyense analumbira kuti anawavotera.

M'mawa mwake alamuwo anafika pakhomo panga, mpando n'kuukana.

"Alamu, inu mumasunga ndi lisiti ya singano yomwe. Tationetsani ya voti."

Ndinawapatsa foni. Panali kachizindikiro kobiriwira ndi mawu akuti voti yanu yawerengedwa.

"Yawerengedwa kwa yani?"

"Kwa inu."

"Palembedwa pati? Amene andigwetsa alinso nako kobiriwiraka."

Mayi a kunyumba, ali kupeta mpunga, anaponyamo awo: "Mukanakhala munthu wotaya mapepala, bwenzi atakukhulupirirani."

Ndinapalasa njinga mpaka ku ofesi ya bungwelo paboma. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi madzi ozizira. Anati lisiti yoteroyo anaikana dala, chifukwa munthu akatha kuonetsa amene wamuvotera, wamphamvu angamuopseze kuti amulanda munda. Ndinawathokoza pondiganizira, n'kuwadziwitsa kuti mundawo ukupita ndithu, ndipo ukupita chifukwa lisitiyo palibe. Anati masamuwo salakwa. Sindinanene kuti alakwa. Ndinati masamuwo sanakwatire ku Mkhumba.

Chaka chino alamu andilola kulima pongomvera chisoni mlongo wawo. Anena poyera kuti mvula ikubwerayi, ngati umboni palibe, mundawo apatsa mphwawo.

Chotero ndikupempha mwaulemu akuluakulu a bungwelo kuti andiyankhe molemba, posainidwa ndi podindidwa chidindo, mvula isanagwe: kodi munthu amene sanapemphe chinsinsi angachibweze kwa yani, ndipo adzaze fomu iti?