Mabotolo a pansi pa uvuni

Dawudi wa ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, anali ndi manja abwino koma pakhosi poipa. Njerwa ankaumba, njinga ankakonza, koma thukuta lonse linkathera ku bala ya Dona Argentina, mpaka mkazi wake Assia anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Chimbonila. Apo m'pamene mowa anausiya. A Fakihi, amalume ake a Assia, sanachulutse gaga m'diwa: adzabwera naye mkaziyo tsiku losatchula, ndipo akadzamva fungo la mowa pakhomo, ukwati watha.

Ndiye Dawudi anamanga uvuni kuseri kwa nyumba kuti adzamupeze akuphika buledi ngati munthu. Koma kuzizira kwa ku Lichinga sikuseka ndi munthu. Nkhuni zinkangotha, buledi pamwamba wopserera, pansi phala lenileni. Ogula analawa kamodzi osabweranso. Dawudi anataya mtima, chakudya osalowa.

A Simão, amene anakalambira pa ntchito ya buledi, anagogoda pansi pa uvunipo n'kupukusa mutu.

"Achimwene, njerwa mwayala pa dothi lozizira? Moto wonsetu ukumwedwa ndi nthaka. Fukulani, mugoneke mabotolo opanda kanthu, m'mipata muthire mchenga ndi mchere wamiyala, njerwa pamwamba. Basi, kutentha sikuthawanso."

Kopeza mabotolo ochuluka chotero Dawudi ankakudziwa bwino lomwe. Anapita kudzala la kuseri kwa Dona Argentina, n'kumatola akupumira kukamwa, anzake akale akumuitana mwachipongwe. Anasenza matumba awiri, zotsalira m'mabotolomo zikumuchuchira kumsana. Sanalaweko ngakhale dontho, Mulungu ndi mboni.

Anati ayambe wakwirira, kusamba pambuyo. Ali chogwada m'dzenje limene anafukula pansi pa uvuni, mabotolo ali mbwee pabwalo, anamva njinga zamoto ziwiri zikuima kumsewu. A Fakihi anatsika okha, Assia anatsala pa inayo. Mkuluyo anayang'ana pabwalo, anayang'ana malaya onyowa aja, mphuno n'kumalizitsa zotsala.

"Titembenuke," anauza oyendetsa njingazo.

"Amalume, ndi za uvuni izi! Wallahi sindinamwe! Bwerani muone dzenje!"

Mkuluyo anali atakwera kale. Dawudi anavuuka m'dzenje n'kuyamba kuthamangira fumbi la njingazo, akukuwa dzina la mkazi wake mpaka mawu kusasa. Pokhota, Assia anacheuka kamodzi kokha. Anaona mwamuna wake akudzandira pamsewu, wopanda nsapato, akulira, botolo la mowa lili m'manja.