Ana asambe Pamchenga kapena Pathanthwe?

Aphunzitsi anati sabata ino ndipume, wina alembe pepala limene amatiwerengera Loweruka. Ndakana. Mukudziwa nonse kuti pakamwa sinditha, akangondiloza m'kalasi mawu amandithawa. Koma zimene ndinaona Lachiwiri zikakhalitsa m'mimba zindidwalitsa, choncho mundilole ndilembe.

Mtsinje wathu uli ndi madooko awiri a akazi. Lakale ndi Pamchenga. Madzi ake amalekeza m'maondo mwa mwana, pansi pali mchenga wokhawokha, ndipo dzuwa limafikapo msanga. Tonsefe tinakulira pamenepo. Choipa chake n'chakuti njira yochokera ku Boma imaolokera pomwepo. Chiyambire nkhondo ya azungu njirayo sipuma: asilikali, amtengatenga, amesenjala osaka amuna. Alendo amenewa saodira. Ena amaima n'kumayang'ana, ena amaponya mawu oti sindingalembe pano.

Ndiye amayi a m'mudzi anasamukira kumtunda, Pathanthwe. Kumeneko miyala yaitali ngati nyumba yazungulira dziwe, bango latseka kotsalako, diso la munthu silifika. Madzi amagwa kuchokera pamwamba ndi mkokomo woti awiri oyandikana amachita kukuwirana. Thanthwe lochapirapo lili ndi ndere, ndipo m'dziwemo nsungwi sigunda pansi.

Tsiku logwirizana zosamuka ndinalipo, ndinkatongola chimanga pambali. Anakamba za maso a alendo, za kutalika kwa njira, za poyanika nsalu. Za ana sanafunsepo ndi mmodzi yemwe. Chikhalirecho ife a kumapiri kuno madzi timangowadziwa mumtsuko. M'mudzi monse wodziwa kusambira ndi mmodzi: alamu anga a Mbewe, amuna a achemwali anga a Rozina, mkamwini wochokera kunyanja. Anabwerako ku tengatenga mvula ili pakati, ataonda, akutsimphina, mwana wawo Sesiliya n'kuwaiwala nkhope. Anachita kumunyengerera ndi nzimbe kuti awazolowerenso.

Lachiwiri masana tinali Pathanthwe: amayi, a Rozina, amayi ena a m'mudzi, ine ndi ana. Akuluakulu anali atavula, nsalu zili pamiyala. Sesiliya, amene mano anali asanayambe kuguluka, ankasewera ndi chikho cha amayi, kuchiyandamitsa n'kuchigwira. Chikho chinapita patali pang'ono. Iye anachitsata ndi phazi limodzi.

Sanalire. Ndinangoona nsana wake ukuterereka, kenako madzi okha.

A Rozina anafuna kudziponyamo, amayi awiri anawagwira m'chiuno. Wina anapisa nsungwi. Amayi anga ankakuwa dzina la mwanayo. Ine ndinali nditavala kale, ndiye ndinathamanga kukwera kanjira ka kumudzi kukaitana anthu.

Sindinapite patali. Kuseri kwa bango, pamene kanjira ka kumadimba kamadutsa pamwamba pa dziwe, ndinapeza alamu. Anali ataima chofulatira mtsinje, khasu lili paphewa, maso ali kuphiri, akuitana monga amachitira mwamuna aliyense woleredwa bwino akafika pafupi ndi posamba akazi:

"Kumadziko?"

Munthu akatero amadikira mpaka akazi ayankhe kuti adutse. Iwo anali ataima pamenepo kanthawi. Phokoso ankalimva, koma ndi mkokomo wa madzi uja ankayesa akazi akuseka kapena akukangana, monga amachitira masiku onse. Mawu amene anawazindikira bwino anali a amayi anga, apongozi awo. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi m'njira amapatukira kutchire. Nanga apongozi ali kosamba?

Atamva mapazi anga anacheuka pang'ono n'kumwetulira. Paja iwo ndi ine timaserewulana, amanditcha mkazi wawo wamng'ono.

"Mlamu, liwiro limeneli mwaona njoka, kapena mwangondisowa?"

"Alamu, Sesiliya wamira."

Khasu linagwa. Anadutsa m'bango osafuna njira, anadutsa pakati pa akazi osavala, pafupi ndi apongozi awo, n'kulowa m'dziwe. Sanavutike kumupeza. Anamuvuula msanga kwambiri, ndipo chimene chikundipweteka ndi chimenecho. Anamuzondotsa, anamufinya pamimba, anamuitana maina onse amene ankamutcha. Madzi anatuluka. Mpweya sunabwerere.

Tinamuika Lachitatu.

Pamaliro anthu ankanong'onezana zabwino za alamu. Ankati mkamwini ameneyu ndi waulemu, ena akanangolowerera. Amayi anatuma a Rozina, popeza iwo sangalankhule nawo maso ndi maso, kuti akawauze kuti sanalakwe, anachita monga mwa mwambo. Alamu anamvetsera ali chozolika.

Inenso ndikuti sanalakwe. Musandimve molakwa, anzanga. Kuodira kumadzi ndi chinthu chabwino. N'chimene chimasiyanitsa abambo athu ndi alendo a pa njira ya ku Boma aja. Tsiku limene amuna a m'mudzi muno adzaleke kuitana kuti "Kumadziko?" ine sindidzapitanso kumtsinje. Ndine wamanyazi kuposa nonsenu, ndipo Pathanthwe ndinkapakonda chifukwa chobisika.

Koma taganizani zimene tinachita. Tinasankha malo oti mwamuna asaone, asamve, asafike. Kenako tinatengerako ana amene sadziwa kuopa madzi, ife eni osadziwa kuwapulumutsa. Wodziwa kupulumutsa tinamuphunzitsa kuima kutali chofulatira. Aliyense anachita zoyenera, ndipo mwana ali kumanda.

Si kwathu kokha. Anzanga a kumidzi ya kufupi ndi Mphunzi akuti nakonso akazi athawa madooko a m'mbali mwa njira, akusamba m'maiwe a m'mapanga. Posankha pamakhala mafunso omwe aja: kodi akutiona? Kodi pali pochapira? Ana safunsidwa chifukwa sakhala pa zokambirana. Amangogwira nsalu ya amawo n'kutsata.

Ndikanakhala wamkulu ndikanapempha zinthu zochepa. Posankha dooko, wina ayambe walowamo ndi ndodo, aone pamene madzi angalekeze mwana. Pakhale mayi mmodzi wovala amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, osachapa, osasamba. Ndipo tigwirizane mawu amodzi, odziwika kwa amuna onse, oti akamveka kuchokera kumadzi ndiye kuti manyazi atha, wapafupi athamange, kaya ndi mkamwini, kaya ndi mlendo. Tili nawo mawu oimitsa mwamuna. Bwanji tilibe omuitana?

Koma ine ndine mwana wasukulu, ndipo izi ndikuzinena papepala.

Lachinayi m'mawa alamu anatenga chikwanje ndi zenga. Tinayesa akupita kudimba. Madzulo tinamva kuti ali Pamchenga, akuzika nsungwi m'mbali mwa madzi. Dzulo anamweta tsekera, anasenda luzi, ndipo pofika masana mpanda unali utaima pakati pa njira ya ku Boma ndi posambira, wautali woti ngakhale munthu wa pabulu sangasuzumire. Anagwira okha. Amuna ena ankadutsa n'kumati pepani, koma mkamwini kumanga mpanda pa dooko la akazi a eni mudzi, popanda womutuma, ena sizinawakomere.

Nditawapititsira alamu madzi akumwa sananditche mkazi wawo wamng'ono. Anangoti, "Mlamu, mukawauze amayi kuti pano pabisika tsopano."

Ndinakawauza. Amayi anati anthu adzanena kuti akazi a mudzi uno akusamba m'bafa lomanga mkamwini. Anati aganizapo.

Lero m'mawa, ndikubwera kuno kusukulu, ndinaima pamphambano pamene njira ziwiri za kumtsinje zimasiyana. Amayi ena anali kutsogolo ndi mitolo ya zochapa pamutu. Anakhotera kumtunda, Pathanthwe, monga mwa masiku onse. Pambuyo pawo pankathamanga tiana, kena katanyamula chikho.

Ndinafuna kuitana. Koma ndinangopitiriza ulendo wa kusukulu.

Inu amene mukumva pepalali muli ndi mawu aakulu kuposa anga, ndipo madzulo ano mukhala pansi ndi amayi anu. Mawa Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ana adzafuna kusamba. Mudzawalondolera njira iti?