Vinyo amene ndinkayamba ndalawa

Ngwe, ngwe, mphete ikugunda tambula yopanda kanthu. Umu ndi mmene bambo achikulire a Chigiriki ankandiitanira nthawi ya nkhomaliro, poti sitiroko inali itawalanda mawu. Ndinkawasamalira kunyumba kwawo ku Evington, kuno kudziko la eni, mliri uja usanabwere. M'mawa ndinkakwera basi ku Highfields kukawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa.

Dokotala anawalola theka la tambula ya vinyo patsiku. Bambowo ankafuna woyera wa kwawo basi, wa mphesa za makolo awo za ku Girisi, zolimidwa popanda feteleza kapena mankhwala opopera. Mwana wawo wamkazi ndiye ankaitanitsa mabotolowo. Anali vinyo wowawasa ngati ndimu, wosiya kamchere palilime. Ndikudziwa chifukwa ndinkamulawa tsiku lililonse.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndipo anthu ankanong'ona kuti bambo anga anapatsidwa china chake mu mowa. Agogo amene anandilera sankayankhapo. Koma m'nyumba mwathu wopereka chakumwa ankayamba wamwako, wolandirayo akuona, ngakhale akhale madzi. Dzanja langa linakula nazo. Tsiku loyamba ndinapsontha vinyoyo mosaganiza, bambowo anandiyang'anitsitsa n'kugwedeza mutu. Kuyambira pamenepo ankadikira kuti ndiyambe ine.

Tsiku lina ndinaona kakamera pashelefu, pakati pa zithunzi za oyera mtima. Mwana wawo anati n'koti aziona ngati bambo ake agwa. Lamulo ndinkalidziwa: wopezeka akumwa pantchito amachotsedwa, mbiriyo n'kumutsata kulikonse kumene angakafunsire ntchito yosamalira anthu. Ine ndinalibe ntchito ina imene ndinkaidziwa m'dziko muno.

Ndinayesa kusiya. Ndinawapatsa tambula osalawa, iwo anaikankha. Chakudyanso anachikana, maso ali pa ine ngati ndine mlendo. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Ndiye ndinayamba kufulatira kamera, n'kulawa mwachangu. Sindinaganize za mmene msana wa munthu woweramira tambula umaonekera kwa amene akuonera pafoni.

Mwana wawo wamkazi uja ankabwera Lamlungu lokha. Koma tsiku lina pakati pa sabata ndinamva kiyi akutembenuka masana. Analowa, anakhala pampando wa pakona osavula jasi, chikwama chili pamiyendo. Ndinathira vinyo. Bambowo anakankhira tambula kwa ine monga mwa masiku onse.

"Lawanitu," anatero mayiyo. "Si mmene mumachitira?"

Ndinafotokoza pang'onopang'ono za kwathu, za agogo, kuti ndi ulemu, kuti wolandirayo azimwa mtima uli m'malo podziwa kuti mulibe choipa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nkhope osasintha.

"Vinyoyu ndimagula ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndiye mukuti ndingathiremo chiyani?"

Bambowo ankatiyang'ana mosinthanasinthana, tambula ili pakati pathu, palibe woikhudza.

Mayiyo ananyamuka n'kulowa kukhitchini. Ndinamva zitseko za makabati zikutseguka ndi kutsekeka. Atatuluka ananena kuti a ku ofesi imene inandilemba ntchito andiimbira, ndipo madzulo kubwera munthu wina. Anandipatsa jumbo. Munali masilipasi anga, epuloni ndi kapu yanga ya tiyi, isanaume n'komwe. Kenaka anatuluka panja, foni ili kale kukhutu.